Kabolodi kakang'ono kapena motherboard: kusankha kompyuta yoyendetsa netiweki

Amene akufuna kudzipangira rauta (chipangizo chogawira intaneti ku zipangizo zina), firewall (chotchinga deta yosafunika yochokera kunja), seva ya VPN (njira yobisika yolowera mu netiweki yanu muli kutali) kapena kabokosi kosungira mafayilo pa ofesi, pa sukulu kapena pa nyumba amakumana ndi njira ziwiri. Ina ndi kabolodi kamodzi kokhala ndi zonse, monga Raspberry Pi, NanoPi kapena Banana Pi, pomwe purosesa, RAM ndi mapoti n'zowotchereredwa pamodzi ndipo palibe chomwe mungachotse n'kuikapo china. Ina ndi motherboard wamba ya kompyuta ya pa desiki, yokhala ndi mipata yolowetsamo RAM, makhadi owonjezera a mtundu wa PCIe ndi madisiki olumikiza pa mapoti a SATA. Raspberry Pi ndi ya 85 mm m'litali ndi 56 mm m'lifupi, imakwana m'thumba la malaya. Motherboard yaing'ono kwambiri mwa zodziwika, ya Mini-ITX, ndi ya 17 cm mbali zonse, microATX ndi ya 24.4 cm mbali zonse, ndipo ATX imafika 30.5 cm.

Anthu ambiri amayamba ndi kufananiza liwiro la purosesa ndi mtengo. Ziwirizi zimabwera pambuyo. Pa ntchito ya netiweki zomwe zimagamula nkhani ndi njira yomwe deta imadutsa kuchokera pa poti kukafika kwa purosesa, pulogalamu yomwe mukufuna kuyendetsa, komanso magetsi omwe muli nawo pamalopo, makamaka nthawi yomwe a pa gridi azima.

Musanatsegule tsamba la ogulitsa, lembani papepala manambala atatu: liwiro la intaneti yomwe ikulowa pamalopo, chiwerengero cha zipangizo zomwe zizilumikizika nthawi imodzi, ndi maola omwe netiweki iyenera kukhalabe ikugwira magetsi atazima. Ofesi ya anthu 10 yomwe imalandira 20 Mbps kudzera pa modemu ya 4G siyofanana ndi loji yomwe yaika Starlink ndipo alendo 40 akuonera mavidiyo usiku.

Poti ya Ethernet yalumikizidwa pati?

Poti ikhoza kulembedwa kuti Gigabit, kutanthauza 1,000 Mbps, koma njira ya kuseri kwake ili yopapatiza. Banja la Raspberry Pi likuonetsa bwino zimenezi. Pa Pi 3 Model B ya mu 2016, poti ndi ya 100 Mbps ndipo imadutsira pa USB 2.0. Pa Pi 3 Model B+ ya mu 2018 anaikapo poti ya Gigabit, koma imadutsirabe pa USB 2.0 yomweyo, yomwe malire ake ndi 480 Mbps ndipo imagawana njirayo ndi chilichonse chomwe mwalowetsa m'mapoti a USB. Zotsatira zake, siipyola pafupifupi 300 Mbps, ndipo mukalowetsa disiki kapena adaputa yachiwiri ya Ethernet liwirolo limatsikanso. Kuyambira pa Pi 4 ya mu 2019 m'pomwe Ethernet inapatsidwa njira yakeyake, mosiyana ndi USB, n'kuyamba kufika pafupifupi 940 Mbps, omwe ndi malire enieni a TCP pa waya wa Gigabit. Pi 5 ya mu 2023 inawonjezera kolumikizira PCIe 2.0 ka njira imodzi, komwe kamanyamula pafupifupi 4 Gbps: n'kokwanira khadi ya 2.5 Gigabit kapena disiki ya NVMe, koma khadi ya 10 Gigabit singathamange mokwanira.

Choncho Pi 3 yomwe yangokhala m'kabati musaiike pakati pa anthu ndi intaneti yothamanga. Ipatseni ntchito yopepuka, monga Pi-hole yosefa malonda kudzera pa DNS (njira yosinthira dzina la tsamba kukhala adiresi), yomwe imangoyankha timafunso ting'onoting'ono pa poti 53 ndipo RAM ya 512 MB imaikwanira. Pa ntchito imeneyo kabolodi kalikonse kakale kamagwira bwino, ndipo kugulira motherboard kungakhale kutaya ndalama.

Vuto lachiwiri ndi lakuti rauta imafuna mapoti awiri, imodzi yoyang'ana kunja, WAN, ina yoyang'ana m'kati, LAN, pomwe ma Raspberry Pi onse tatchulawa ali ndi imodzi yokha. Pali njira zitatu zothanirana ndi zimenezi.

Yophweka ndi adaputa ya USB 3.0 yopita ku Ethernet. Sankhani yokhala ndi chipu ya Realtek RTL8153, monga TP-Link UE300, ndipo muilowetse m'poti ya buluu, osati yakuda. Pa OpenWrt, pulogalamu ya Linux yoyendetsera marauta, imafuna paketi ya driver yotchedwa kmod-usb-net-rtl8152. Adaputa za chipu ya ASIX AX88179 zimafuna kmod-usb-net-asix-ax88179. Apa pali msampha womwe umagwira ambiri tsiku loyamba. OpenWrt ikangoikidwa pa Pi, poti yokhayo imakhala LAN pa adiresi ya 192.168.1.1, ndipo ngati driver wa adaputa mulibe mu fayilo yomwe mwaika, adaputayo sioneka, komanso simungamutsitse chifukwa intaneti palibenso. Pewani zimenezi powonjezeratu dzina la paketiyo pa tsamba la Firmware Selector la OpenWrt musanatsitse fayilo yolemba pa khadi. Komanso ngati modemu ya kampani yanu ya intaneti nayo ili pa 192.168.1.1, sinthani LAN yanu ikhale 192.168.10.1, apo ayi rauta siidziwa kotumiza mapaketi. Kuipa kwa adaputa n'kwakuti ndi chinthu cholendewera: munthu akaigunda posesa imazuka, ndipo magetsi akachepa pang'ono imazima n'kuyakanso, intaneti n'kuduka masekondi angapo popanda chifukwa chooneka. Imangeni ndi kachingwe ka pulasitiki ku bokosi.

Njira yachiwiri ndi kugawa poti imodzi ndi VLAN, kutanthauza manetiweki osiyana oyenda pa waya umodzi, pogwiritsa ntchito switch (kabokosi ka mapoti ambiri) yotheka kuikonza, monga TP-Link TL-SG108E ya mapoti 8. Poti 1 ipite ku Pi ndipo ikhale tagged (mapaketi azituluka ndi chizindikiro cha VLAN yawo) pa VLAN 10 ndi VLAN 20. Poti 2 ipite ku modemu, untagged (popanda chizindikirocho) pa VLAN 10, ndipo PVID yake, nambala ya VLAN yomwe switch imapatsa mapaketi olowa opanda chizindikiro, ikhale 10. Mapoti 3 mpaka 8 akhale untagged pa VLAN 20, PVID 20. Pa Pi, eth0.10 ikhale WAN ndipo eth0.20 ikhale LAN. Choiwalika kawirikawiri ndi PVID: mukaisiya pa 1, mapaketi ochokera ku modemu salowa mu VLAN 10 ndipo WAN siilandira adiresi. Njirayi ndi yolimba kuposa adaputa, koma paketi iliyonse imadutsa pa waya womwewo kawiri, polowa ndi potuluka, kotero zotsitsa ndi zokweza mukaziphatikiza sizingapyole Gigabit imodzi. Pa intaneti ya 100 kapena 200 Mbps simungazindikire n'komwe. Choopsa chili kwina: wina akadina batani la reset pa switch, ma VLAN onse amafufutika, ndipo makompyuta a mu ofesi amapezeka ali pa waya umodzi ndi modemu, firewall italambalalidwa. Matani tepi pa kabowoko ndipo lembani pa switch kuti isakhudzidwe.

Njira yachitatu, yomwe ndi yanzeru ngati simunagule kale Pi, ndi kugula kabolodi komwe kanapangidwira ntchito ya rauta. NanoPi R4S ya kampani ya FriendlyElec ili ndi purosesa ya Rockchip RK3399 ndi mapoti awiri a Gigabit, imodzi yochokera mu purosesa momwemo, ina kudzera pa PCIe. Mng'ono wake R2S ndi wotsika mtengo, koma poti yake yachiwiri ndi RTL8153 yomweyo ya pa USB, angoiwotcherera pa bolodi. R5S ili ndi mapoti awiri a 2.5 Gigabit ndi imodzi ya Gigabit. Banana Pi BPI-R3, ya chipu ya MediaTek MT7986, ili ndi mapoti asanu a Gigabit, mipata iwiri ya SFP ya faiba komanso Wi-Fi 6. OpenWrt One, yomwe inatuluka mu 2024, ili ndi poti imodzi ya 2.5 Gigabit ndi ina ya Gigabit. Tibolodi ta PC Engines APU2, tomwe kwa zaka zambiri tinali tokondedwa chifukwa cha mapoti a Intel ndi purosesa ya x86, kampani yake inalengeza mu 2023 kuti ikusiya kutipanga, choncho mukatipeza tikhoza kukhala togwiritsidwapo kale ntchito.

Pa motherboard nkhani ya mapoti ndi yaifupi. Mumagula khadi ya Intel i350-T2 ya mapoti awiri kapena i350-T4 ya anayi, n'kuilowetsa mumpata wa PCIe. Khadiyo ndi ya x4 ndipo imalowa bwinobwino mumpata wautali wa x16 womwe anaukonzera khadi ya zithunzi. Ngati bokosi lanu ndi lopyapyala, onetsetsani kuti khadi yabwera ndi kachitsulo kafupi komangira kumbuyo. Makhadi a i350 achinyengo ndi ambiri pa misika ya pa intaneti. Otsika mtengo modabwitsa muziwakayikira, ndipo ochotsedwa m'maseva akale nthawi zambiri amakhala enieni.

Pulogalamu imasankha bolodi

Ngati mtima wanu uli pa pfSense kapena OPNsense, mapulogalamu a rauta ndi firewall, mkangano watha: zomwe mungatsitse n'kudziikira ndi za makompyuta a x86 a 64-bit, ndipo pa Raspberry Pi siziikidwa mwa njira yovomerezeka. N'chimodzimodzi Proxmox VE, yoyendetsera makompyuta ongoyerekeza angapo m'kompyuta imodzi, ndi TrueNAS yosungira mafayilo, yomwe payokha imafuna RAM yosachepera 8 GB. pfSense ndi OPNsense zinamangidwa pa FreeBSD, yomwe imagwirizana bwino ndi machipu a Intel kuposa a Realtek. Poti ya Realtek RTL8111 yomwe imabwera pa ma motherboard ambiri otsika mtengo imatha kugwira masiku angapo kenako n'kuuma deta ikachuluka, m'malogi n'kulembedwa kuti "re0: watchdog timeout". Mukaona mawu amenewo musavutike kusintha mawaya. Ikani khadi ya Intel.

OpenWrt ndi Debian zimayenda mbali zonse ziwiri, komabe pali kusiyana kwakukulu komwe sikuoneka tsiku logula. Kompyuta ya x86 ili ndi BIOS kapena UEFI, kapulogalamu ka pa bolodi komwe kamaiyatsa, ndipo fayilo imodzi yoikira pulogalamu imagwira pa motherboard ya 2012 ndi ya chaka chino. Tibolodi ta ARM tilibe chinthu chotero chofanana. Kalikonse kamafuna fayilo yakeyake, yokhala ndi U-Boot ndi device tree zofotokoza mmene kabolodiko kanalumikizidwira. Wopanga akasiya kutulutsa mafayilo atsopano, mumatsala ndi kernel (phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta) yakale yomwe palibe akuitseka mabowo a chitetezo, pa chipangizo chomwe chayang'ana intaneti usana ndi usiku. Musanagule kabolodi kalikonse, kafufuzeni dzina lake lenileni, ndi nambala yake yomwe, pa Table of Hardware ya OpenWrt kapena pa mndandanda wa Armbian. Ngati fayilo yokhayo yomwe ilipo ili pa Google Drive ya wogulitsa, kasiyeni, ngakhale katakhala ndi mapoti asanu pa mtengo wa awiri. Raspberry Pi imapambana pa mfundo imeneyi kuposa pa liwiro: mapulogalamu ake amakonzedwabe ngakhale pa tibolodi takale.

Purosesa imatopa ndi chiyani

Kungopatsira mapaketi kuchokera ku WAN kupita ku LAN ndi ntchito yopepuka, ndipo Pi 4 kapena R4S imaikwanitsa mpaka pafupi ndi Gigabit. Zolemetsa ndi zitatu.

Choyamba ndi VPN. OpenVPN ndi IPsec kawirikawiri zimabisa deta ndi AES. Mapurosesa a Intel ndi AMD a zaka zaposachedwa ali ndi malamulo apadera a AES-NI omwe amafulumizitsa ntchitoyi. Purosesa ya Pi 4 ilibe ofanana nawo, pomwe ya Pi 5 ndi RK3399 ili nawo. Pa Pi 4 gwiritsani ntchito WireGuard, yomwe inalowa mu kernel ya Linux 5.6 mu 2020 ndipo imabisa ndi ChaCha20, njira yothamanga ngakhale popanda thandizo la chipu. Pa kompyuta yakale ya pa desiki, lembani grep aes /proc/cpuinfo mu terminal ya Linux. Pakapanda kutuluka kanthu ndiye kuti AES-NI palibe, monga zilili pa Core 2 Duo ndi ma Pentium ena akale. Ndipo musanagule chilichonse chifukwa cha VPN, yang'anani adiresi yomwe WAN yanu yalandira. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti mukugawana adiresi imodzi ya pa intaneti ndi makasitomala ena, zomwe n'zofala pa intaneti ya mafoni ndi pa Starlink ya pa nyumba. Zikatero wa kunja sangaimbe molunjika ku seva yanu, kaya ndi Pi kaya ndi motherboard yodula. Yankho lake ndi Tailscale kapena kaseva kobwereka ka pa intaneti kokhala mkhalapakati.

Chachiwiri ndi SQM, yomwe imaletsa kuti munthu mmodzi wotsitsa fayilo yaikulu asatsamwitse anzake omwe ali pa Zoom kapena akuimba pa WhatsApp. Pa OpenWrt ikani luci-app-sqm, sankhani cake, ndipo ikani malire pa 85 mpaka 95 peresenti ya liwiro lomwe mwayeza. Pa intaneti yosapyola 200 Mbps kabolodi kamakono kalikonse kamakwanitsa. Pa 4G vuto silikhala purosesa koma kusinthasintha kwa liwiro: lomwe mwayeza m'mawa silifanana ndi la madzulo, choncho ikani malire potengera nthawi yoipa.

Chachitatu ndi kusanthula mapaketi ndi Suricata kapena Snort, mapulogalamu ochenjeza za ofuna kuthyola netiweki. Izi zimadya RAM ndi purosesa kwambiri, ndipo apa motherboard yokhala ndi RAM ya 8 GB kapena kuposa ndi yomwe ikuyenera. Kunena zoona, maofesi ang'onoang'ono ambiri amaika Suricata n'kusawerenganso machenjezo ake. Ngati palibe woti aziwawerenga, musagule kompyuta yaikulu chifukwa cha iyo.

Za Wi-Fi n'zachidule. Ya pa Raspberry Pi ili ndi kamlongoti kamodzi kojambulidwa pa bolodi ndipo siinapangidwire kutumikira gulu. Gulani access point, chipangizo choulutsa Wi-Fi, payokha, muipachike pamwamba pakati pa nyumba, rauta ikhale m'kabati.

Magetsi

Chipangizo cha netiweki sichizimitsidwa, choncho wati iliyonse imawerengedwa maola 24. Pi 4 yokhala ndi adaputa imodzi imadya pafupifupi mawati 5, omwe pa masiku 30 ndi mayunitsi 3.6. Kompyuta ya pa desiki yomwe ikudya mawati 35 imamaliza mayunitsi 25.2 pa mwezi, ndipo yakale kwambiri ya mawati 60 imamaliza 43.2. Musakhulupirire nambala yolembedwa pa power supply: 300 W ndi malire ake, osati zomwe ikudya. Kamita kolowetsa pa soketi ndi komwe kangakuuzeni zoona.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka magetsi akazima. Batire ya 12V 7Ah, ya mtundu wa mu UPS, imasunga ma watt-hour 84, koma batire ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupyola theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye mwatsala ndi 42. Kabolodi ka mawati 5 kakhoza kuyenda maola 7 kapena 8. Kompyuta ya mawati 35, yomwe iyeneranso kudutsira pa invata yomwe nayo imadya gawo lake, siifika patali kupyola ola limodzi. Pa batire ya sola ya 100Ah, theka lake ndi ma watt-hour 600: kabolodi kamayenda masiku anayi kapena asanu, kompyutayo maola 14 kapena 15.

Komabe musawerenge rauta yokha. Modemu, switch ndi access point nazo zili pa batire yomweyo, ndipo pamodzi zimatha kudya mawati 15. Kufananiza koona ndiye ndi mawati 20 ndi 50, osati 5 ndi 35. Ndipo ngati pamalopo pali mbale ya Starlink, yomwe payokha imadya mawati makumi angapo, zomwe mwapulumutsa posankha kabolodi zimachepa kwambiri poyerekeza ndi katundu yense.

Ubwino wina wa tibolodi ndi wakuti timadya magetsi a DC, choncho invata siifunika. Kuchokera pa batire ya 12V, ikani fyuzi ya 3A pafupi ndi batire, kenako buck converter yotsitsa kufika pa 5.1V yotha kupereka 3A. Yezani ndi multimeter musanalumikize kabolodi, chifukwa ma converter okhala ndi kasikuluwu kosinthira amatha kubwera atatsegulidwa mpaka pamwamba, ndipo 12V ikalowa pa njira ya 5V kabolodi kamapsa nthawi yomweyo. Motherboard nayo ikhoza kuyenda pa DC kudzera pa picoPSU, kapower supply kakang'ono kolandira DC, koma chenjerani: picoPSU wamba imangodutsitsa 12V yomwe yalandira kupita ku bolodi, pomwe batire ya mtovu ikamatchajidwa imafika 14.4V. Pamafunika ya mtundu wolandira magetsi osinthasintha, kapena regulator pakati.

Mavuto ambiri omwe anthu amanamizira Raspberry Pi amachokera ku tchaja. Pi 4 imafuna 5V 3A, Pi 5 imafuna 5V 5A, ndipo Pi 5 ikapatsidwa ya 3A imachepetsa magetsi a mapoti a USB kufika pa 600 mA. Pi imayamba kudandaula magetsi akatsika pansi pa 4.63V. Kufika pamenepo sikovuta: waya wa USB wowonda, wokhala ndi resistance ya 0.2 ohm, ukanyamula 2.5A umataya theka la volt, ndipo 5.1 imasanduka 4.6. Tchaja ya foni yolembedwa mawati ambiri imapereka mawatiwo pa 9V kapena 12V, pa 5V imatha kupereka 2A yokha. Lembani vcgencmd get_throttled. Ikayankha 0x0 zili bwino. 0x50000 ikutanthauza kuti magetsi anachepapo chiyatsireni, ndipo 0x50005 ikutanthauza kuti akuchepa panopa. Modemu ya 4G ya pa USB, monga Huawei E3372, imakoka magetsi mwadzidzidzi ikamatumiza, ndipo mapoti onse a USB a Pi 4 amagawana 1.2A basi. Modemu ndi adaputa ya Ethernet zikakhala pamodzi, imodzi ipite pa USB hub yokhala ndi magetsi akeake.

Magetsi akazima mwadzidzidzi n'kubweranso

Khadi ya microSD ndi malo ofooka kwambiri pa kabolodi. Magetsi akaduka ili mkati molemba, mafayilo amawonongeka ndipo kabolodi sikayakanso. Kulemba malogi kosalekeza nakonso kumaitha. OpenWrt imasunga malogi mu RAM ndipo imalemba pa khadi pokhapokha mukasintha makonzedwe, n'chifukwa chake imapirira kuposa Raspberry Pi OS; sankhani fayilo ya squashfs, yomwe imalolanso kubwerera pa chiyambi zinthu zikasokonekera. Pa Debian ikani log2ram. Gulani khadi yolembedwa High Endurance, yomwe anaipangira makamera, ndipo mukamaliza kukonza zonse koperani khadi yonse pa ina yachiwiri, muimate ndi tepi m'kati mwa kabati. Tsiku lomwe yoyamba yafa, munthu wa pa ofesi akhoza kusintha yekha mukumuuza pa foni. Apa kabolodi kamaposa motherboard: kukonza kwake ndi kwa mphindi ziwiri. Tibolodi tokhala ndi eMMC kapena NVMe n'todalirika kuposa ta microSD.

Kabolodi kamayaka kokha magetsi akabwera. Motherboard imadikira kuti munthu adine batani, pokhapokha mutalowa mu BIOS n'kusintha Restore on AC Power Loss, yomwe ena amailemba AC Recovery, kuti ikhale Power On. Makonzedwe amenewo amasungidwa ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka 3V. Pa kompyuta ya kaunjika kabatireka kamakhala katatopa, ndipo tsiku lomwe kafa BIOS imaiwala zonse, rauta n'kukhala chete mpaka wina afike. Kasintheni tsiku loyamba.

Kabatire komweko ndi komwe kamasunga nthawi, ndipo Pi 4 ndi akale ake alibe wotchi yotere. Ikayaka imayamba ndi nthawi yakale mpaka itafunsa pa intaneti. Ngati DNS yanu imatsimikiza masatifiketi kapena DNSSEC, imakana mayankho chifukwa deti n'lolakwika, ndipo popanda DNS dzina la seva ya nthawi silipezeka: galu wadziluma mchira. WireGuard nayo imakana kulumikizana ngati nthawi ya mnzake yabwerera m'mbuyo poyerekeza ndi ulendo watha. Kamodulo ka DS3231 kolumikiza pa mapini a I2C kamathetsa zimenezi. Pi 5 ili ndi wotchi yake, imangofuna kabatire kogula padera.

Kutentha, fumbi ndi mphenzi

Raspberry Pi imayamba kudzichepetsa liwiro ikafika 80°C. M'kabati yotseka, pansi pa denga la malata mwezi wa Okutobala, kufika pamenepo n'kosavuta. Bokosi la aluminiyamu lomwe limakhudza purosesa kudzera pa kapadi kotengera kutentha ndi labwino kuposa kafani kakang'ono, chifukwa kafani kamadzaza fumbi n'kuima popanda wodziwa. Pi 5 yokha ndi yomwe imafunadi fani ikamagwira ntchito yolemetsa. Kompyuta ya pa desiki ili ndi mafani awiri kapena atatu omwe amakoka fumbi tsiku lonse. Ikwezeni pa shelefu, osati pansi, ndipo muziipemerera miyezi ingapo iliyonse.

Mphenzi siisankha bolodi, koma zotsatira zake zimasiyana. Imalowera pa waya wa Ethernet wochokera panja, wa ku mlongoti kapena wodutsa pakati pa nyumba ziwiri. Pa motherboard imapsereza khadi ya netiweki, inu n'kusintha khadiyo. Pa kabolodi poti ndi yowotcherera, ikapsa mwataya kabolodi konse. Waya wa panja uzidutsa pa surge protector ya Ethernet yolumikizidwa ku ndodo ya earth, ndipo uzifikira pa switch yotsika mtengo, osati pa rauta. Pakati pa nyumba ziwiri, faiba ndi ma media converter awiri zimathetseratu vutoli chifukwa galasi silinyamula magetsi.

Pomwe motherboard ilibe mnzake

Ntchito ikakhala yosunga mafayilo pa madisiki awiri kapena kuposa, tengani motherboard. Mapoti a SATA ndi power supply yeniyeni n'zodalirika kuposa madisiki olendewera pa USB, omwe ma adaputa ake ena amaduka pakati pa ntchito. N'chimodzimodzi mukafuna 10 Gigabit, makompyuta ongoyerekeza angapo pa Proxmox, kapena mukadziwa kuti chaka chamawa mudzafuna RAM yowonjezera. Komanso zida zake zimapezeka kwa okonza makompyuta a m'tauni, pomwe kabolodi kakafa mumadikira katundu wochokera kunja.

Makompyuta a mu ofesi ogwiritsidwapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre, ndi poyambira pabwino. Sankhani a purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo, monga Core i3-6100 kapena i5-6500, chifukwa akakhala phee amadya magetsi ochepa kwambiri kuposa akale. Tsegulani bokosi pamaso pa wogulitsa. Onani ngati mpata wa PCIe ulipo, popeza timabokosi ting'onoting'ono kwambiri tambiri tilibe. ThinkCentre M720q ndi kamodzi mwa tochepa tomwe timalandira khadi kudzera pa riser. Yang'anani ma capacitor ngati ena atupa pamwamba. Dziwaninso kuti ambiri mwa makompyuta amenewa ali ndi power supply ya mapulagi akeake, yomwe singasinthidwe ndi ya ATX wamba. Kunyumba yendetsani memtest86+, pulogalamu yoyesa RAM, usiku wonse, ndipo chotsani hard disk yozungulira muikemo SSD yaing'ono. Mukamamanga nokha, musaike power supply ya 600 W pa bolodi yodya mawati 15: miyezo ya 80 Plus wamba, yosonyeza kuti power supply siitaya magetsi ambiri, imayezedwa kuyambira pa 20 peresenti ya mphamvu yake, ndipo pansi kwambiri pa pamenepo gawo lalikulu limangosanduka kutentha.

Pakati pa mbali ziwirizi pali timabokosi topanda fani ta purosesa ya Intel N100 ya mu 2023, ya ma core anayi ndi TDP ya mawati 6, tomwe tambiri timabwera ndi mapoti anayi a 2.5 Gigabit. Timayendetsa OPNsense ndi Proxmox, timalandira RAM ndi NVMe zosinthika, ndipo tambiri timadya 12V. Kwa ofesi yomwe ikufuna pfSense koma ili pa sola, nthawi zambiri yankho ndi limeneli. Funsani kuti mapoti ndi a i226-V, chifukwa i225-V zoyambirira zinali ndi vuto loduka pa 2.5 Gigabit, ndipo musayembekezere BIOS yatsopano kuchokera kwa wopanga wopanda dzina. Poyerekeza mitengo, kumbukirani kuti mtengo wa kabolodi ndi wa bolodi yokha: Pi 5 ya 8 GB inatuluka pa madola 80, koma mukawonjezera tchaja yake, bokosi, fani, khadi ndi adaputa, mumayandikira mtengo wa kabokosi ka N100.

Kuyesa musanapachike

Chomwe mwasankha chiyesedwe pa tebulo. Lumikizani laputopu imodzi ku WAN, ina ku LAN. Yezani liwiro ndi pulogalamu ya iperf3: pa ya ku WAN lembani iperf3 -s, pa ya ku LAN lembani iperf3 -c ndi adiresi ya inzakeyo, muwonjezere -t 600 kuti iyende mphindi 10, kenako mubwereze ndi -R kuti deta iyende chobwerera. Musayendetse iperf3 pa rauta yeniyeniyo, chifukwa mukatero mukuyeza china, osati kupatsira mapaketi. Ikamayenda, tsegulani htop pa rauta muone ngati core imodzi yafika 100 peresenti pomwe zina zikugona. Zikatero pa OpenWrt yatsani Packet Steering kapena ikani irqbalance. Liwiro likaima pa 94 Mbps ndendende, lembani ethtool eth0: mukaona Speed: 100Mb/s, vuto ndi waya, chifukwa Gigabit imafuna timawaya tonse 8 pomwe 100 Mbps imayenda ndi 4, ndipo kamodzi kosaphanidwa bwino m'pulagi n'kokwanira kugwetsa liwiro. Pomaliza zulani pulagi ku soketi kasanu motsatizana, osazimitsa mwaulemu, ndipo ulendo uliwonse muwerenge masekondi mpaka foni ya pa Wi-Fi itatsegulanso tsamba popanda munthu kukhudza kanthu.